Tsache la amayi ndi kapinga wanga

Ambiri a inu mumandidziwa ndi mau okha, chifukwa ndine uja ndimakuwerengerani mauthenga a maliro, a maukwati ndi a ng'ombe zosowa pa wailesi m'mamawa. Lero ndabwera ndi nkhani ya kwathu, ya mlandu umene unakhala pakati pa amayi anga ndi ine kwa miyezi ingapo, ndipo choyambitsa chake chinali udzu. Ndailemba tsopano chifukwa Okutobala walowa, nyenje zayamba kulira, mitengo ya tsamba ndi mombo yatulutsa masamba ofiira, ndipo mvula ya chizimalupsa ili pafupi. Ntchito imene ndikufuna kukamba nyengo yake ndi inoyi.

Amayi amakhala pamudzi wina kuseri kwa phiri la Domwe, m'nyumba ya zidina imene anamanga malemu bambo anga. Kwa zaka zambiri inali yofolera ndi udzu. M'chaka cha 2019 ndinasonkhanitsa tindalama ta kuntchito, ndinagula malata ku Ulongwe, ndipo tsiku limene amisiri anakhoma msomali womaliza amayi anavina pabwalo, akululutira. Ine ndinabwerera kuntchito ndikudzimva kuti ndine mwana wamwamuna.

Kumapeto kwa Januwale 2022 kunabwera namondwe wotchedwa Ana, yemwe uja anagwetsa mlatho wa pa Revubwe pakati pa Tete ndi Moatize. Kwathu kumapiri nakonso inagwa usana ndi usiku. Mlongo wanga, amene amakhala ndi amayi, anandiimbira foni nati, "Achimwene, bwerani mudzaone, khonde lagwa." Nditafika ndinapeza ngodya imodzi ya khonde itagumuka, ndipo chipupa cha mbali imeneyo chinali ndi mng'alu wolowa chala. Pansi, molunjika ndi pamene malata amathera, panali kangalande kozama kupitirira chikhatho, koyenda m'mbali mwa nyumba yonse. Madzi anali atayamba kudya kunsi kwa maziko.

Usiku umenewo ndinatenga pepala ndi kuwerengera monga tinkachitira kusukulu. Denga la amayi ndi la mamita 8 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi mbali zonse, madzi ake amakwana lita imodzi. Ndiye kuti mvula ya mamilimita 30, imene kwathu kuno itha kugwa masana amodzi, imathira padenga limenelo malita 1,200. Zimenezo ndi zigubu 60 za malita 20. Denga la udzu linkayamba lamwako madzi, kenaka n'kumadontha pang'onopang'ono, ndiponso linali lotsika, lophimba khonde lonse. Malata amataya madzi onse nthawi imodzi pamzere umodzi. Kuonjezera apo, ine ndinagula malata aafupi pofuna kupulumutsa ndalama, kotero madzi ankagwera pafupi ndi khonde penipeni. Mphatso yanga ndi imene inkagwetsa nyumba.

Kutacha ndinaonanso china. Mwala umene bambo anaika pakhomo kuti ukhale popondera unali utatuluka wonse, moti adzukulu ankaukhalira ngati mpando. Mizu ya mpichesi wa pabwalo inali pamtunda. Amayi amasesa bwalo lawo m'mawa uliwonse dzuwa lisanatuluke, ndipo tsache likamachotsa zinyalala limatenganso kadothi. Tsiku limodzi ndi kodzaza m'manja chabe, koma iwo anali atasesa pamenepo zaka 28. Bwalo linali litatsika, litalimba ngati simenti, ndipo madzi akagwa analibe polowera koma kuthamanga.

Ndinati mankhwala ake ndikuwadziwa. Lamulungu lotsatira, amayi ali kutchalitchi, ndinapita m'mbali mwa dambo, ndinazula kapinga wodzaza thumba, n'kumubzala kuzungulira nyumba yonse mpaka pakati pa bwalo. Sindinafunse munthu. Ndinakwera njinga yamoto n'kubwerera ku Ulongwe ndikuganiza kuti adzayamika akadzaona kubiriwira.

Patapita masabata awiri ndinapeza bwalo lili mbee, mizere ya tsache ikuoneka bwinobwino, kapinga wanga ali mulu kudzala.

"Amayi, nanga udzu uja?"

"Udzu uti, mwanawe? Ine ndinangoona thengo likumera pakhomo, ndiye ndalambula."

Ndinayamba kuwafotokozera za malita ndi mamilimita, mau akutuluka ngati ndili pa wailesi. Anandisiya mpaka ndinatha. Kenaka anati, "Zimenezo n'za ku mishoni ndi ku maofesi a boma, kumene kuli anthu olipidwa kuti azitchetcha. Ukufuna odutsa azinena kuti pakhomo pano palibe mkazi?" Ine ndinapsa mtima. Ndinanena mau amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero, akuti ngati nyumba igwa asadzandiitanenso. Miyezi iwiri sindinapondeko. Ndalama ndinkangotumiza pa foni kudzera kwa mlongo wanga.

Amene anandibweza ndi atsibweni anga. Pa Pasaka anabwera ku Ulongwe, tinakhala pansi, ndipo anandifunsa ngati ndikukumbukira tsiku limene tinabwerera kumudzi. Sindikukumbukira bwino. Ndinabadwa mu 1990 kutsidya kwa mseu, cha ku Lizulu, kumene makolo anga anathawira nkhondo. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo ife tinabwerera mu 1994 ndili ndi zaka zinayi. Atsibweni anati atafika sanazindikire ngakhale pamene panali nyumba. Tsekera ndi nsenjere zinali zotalika kuposa munthu. Aliyense ankaopa kuponda muudzu chifukwa cha mabomba okwirira, ndipo munthu ankayenda pokhapokha pamene mnzake waponda kale. Bambo ndi amayi analambula malowo pang'onopang'ono, mtima uli m'mwamba, ine atandikhazika panjira ndi kundiletsa kusuntha. Atapeza nthaka, chinthu choyamba chimene amayi anapanga ndi tsache.

"Kwa mayi ako," anatero atsibweni, "pamene pamera udzu ndi pabwinja. Bwalo losesa limawauza m'mawa uliwonse kuti nkhondo inatha ndipo anthu alipo. Iwe wapita kukawabzalira bwinja pakhomo, osaodira n'komwe."

Paja akuluakulu amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Loweruka lomwelo ndinagula shuga ndi sopo n'kupita kumudzi. Ndinakhala pamphasa ndi kunena kuti, "Amayi, ndinalakwa. Ndinabzala pakhomo panu osapempha, ndiponso ndinakulankhulani mwachipongwe." Iwo anangoti, "Wadya?" Titatha kudya ndi pamene anandiuza zifukwa zawo, ndipo zinali zomveka. Pabwalo losesa amaona m'mawa pamene njoka yadutsa usiku ndi kumene yalowera. Amaona mapazi a munthu amene wazungulira nkhokwe. Moto wa lupsa ukabwera kuchokera kuthengo umathera pamene tsache lafika. Pamenepo ndi poyanika mphale, ufa ndi nyemba, ndipo pakagwa zovuta anthu amakhala pomwepo. Zonsezi ine wa kusukulu sindinaziwerengere papepala langa lija.

Ndinawapempha kuti tizungulire nyumba pamodzi. Ndinawaonetsa kangalande kaja, mwala wa bambo ndi mizu ya mpichesi. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mng'alu wa chipupa. Kenaka anatembenuza tsache, nalemba mzere pansi ndi kumtengo kwake, masitepe atatu kuchokera pakhonde, kuzungulira nyumba yonse. "Kuyambira apa kubwera kunyumba ndi kwako. Uku ndi kwanga. Udzu wako ukadzangodutsa mzerewu ndidzaulima."

Nthawiyo mvula inali itatha, choncho tinadikira. M'mabuku a Chipwitikizi tinkawerenga kuti anthu a ku Ulaya amakonza udzu wa pakhomo m'nyengo imene amaitcha primavera, cha m'Malichi chisanu chawo chikamatha. Kwathu kuno nthawi yofanana nayo ndi Seputembala ndi Okutobala, chisanu chitapita, mvula isanafike, nthawi imenenso timagalauza m'munda. Tinayamba mu Seputembala 2022, ine ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga.

Tinayamba ndi njira ya madzi, chifukwa udzu paokha sungapirire zigubu 60 zogwera pamzere umodzi. Tinamanganso khonde, tinamata mng'alu, ndipo kangalande kaja tinakakwirira ndi dothi la pachulu n'kutsendera ndi musi, nthaka ikupendekera kunja kuti madzi azithawa chipupa. Pamzere pamene madzi a malata amagwera tinayalapo timiyala ndi zidutswa za njerwa zootcha, m'lifupi ngati zikhatho ziwiri. Miyala imaphwanya mphamvu ya madzi, ndiponso imalekanitsa udzu ndi khonde kuti chinyezi ndi chiswe zisafike kuchipupa. Kumunsi kwa bwalo tinakumba ngalande yosazama yopita kudzenje, ndipo m'dzenjemo tinabzalamo nthochi kuti madziwo akagwire ntchito.

Kenaka tinagaula pakati pa miyala ndi mzere wa amayi. Apa ndi pamene ndinalakwitsa ulendo woyamba, chifukwa ndinangoboola timabowo panthaka yolimba, ndipo ngakhale amayi akanausiya, udzuwo ukanakula movutika. Nthaka yosesedwa zaka zambiri imafuna khasu lilowe masentimita 10 kapena 15, zibuma ziphwanyidwe, n'kusakaniza ndi manyowa. Tinkathira ndowa imodzi pa malo a mita imodzi mbali zonse. Manyowa ake akhale a m'khola owola bwino, akuda, osanunkha. Ndowe zaziwisi zimaotcha mizu yanthete ndipo zimabwera ndi njere za bonongwe ndi chisoso.

Mbeu sitinagule. Kapinga ali paliponse, m'mbali mwa madambo, m'mabwalo a mpira ndi m'mphepete mwa miseu. Amayanga pansi, ndipo pamfundo iliyonse yokhudza nthaka amatulutsa mizu. Mitundu imene ndimaiona kwathu ndi iwiri. Wa masamba ang'onoang'ono ndi wopirira dzuwa. Wina wa masamba okulirapo, umene alangizi amautcha kikuyu, unachokera kumapiri a kum'mawa kwa Africa, ndipo umakonda malo ozizira ngati athu ano, koma umafuna chinyezi ndi manyowa ambiri. Ife tinasankha waung'ono, chifukwa ndinalonjeza mlongo wanga kuti palibe amene adzasenze madzi kuchokera kumjigo chifukwa cha udzu.

Tinadikira mvula yachiwiri ya mu Novembala, imene inanyowetsa nthaka mpaka pamene khasu limalekeza. Chizimalupsa chimanyenga. Ukabzala nacho, dzuwa likabwereranso masabata awiri zonse zimauma. Tinadula kapinga m'zidutswa za mfundo zitatu kapena zinayi, kukwirira mfundo ziwiri, nsonga ili kunja, kutalikirana chikhatho chimodzi, n'kupondapo ndi chidendene kuti dothi ligwire. Pamwamba tinayalapo nthambi za minga kwa mwezi wathunthu, apo ayi nkhuku zikanafukula zonse tsiku lomwelo ndipo mbuzi zikanamaliza zotsala. Pofika Chaka Chatsopano nthaka sinkaonekanso. Pansi pa mpichesi pokha ndi pamene panakana, chifukwa kapinga sakonda mthunzi, ndipo amayi anaseka nati pamenepo pabwerera kwa mwini wake.

Kumalire a bwalo, kumene nthaka imatsetsereka kupita kumunda, tinabzala mzere umodzi wa vetiva, ziputu zotalikirana masentimita 10 kapena 15. Udzu umenewu mizu yake imalowa pansi mamita awiri kapena kuposerapo, ndipo suyanga, umakhala pamene wauika. Dothi lochoka kubwalo losesa limaima pamenepo m'malo mopita kumtsinje.

Kubzala ndi kamodzi, koma kukonza ndi chaka ndi chaka, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba mwezi uno. Chisanu cha Juni ndi Julayi ndi dzuwa la Seputembala zimasiya kapinga ali wofiirira ngati wafa. Chaka choyamba mphwanga anathamanga kudzandiuza kuti ntchito yathu yapita pachabe. Ndinazula kamtsitsi kamodzi n'kukakanda ndi chikhadabo, ndipo mkati munali moyera, mwauwisi. Udzuwo umakhala uli mtulo. Umene wafadi umathyoka ngati kachitsotso ndipo mkati mumakhala mouma. Madzi otsukira mbale ndi ndiwo, ngati alibe sopo wambiri, amakwana kuusunga mpaka mvula.

Ndikafika kumudzi mu Okutobala ndimayamba ndi kupalasa udzu wouma ndi tsache lakale lolimba, n'kukautaya kudzenje la manyowa. Udzu wouma ukaunjikana umaitana chiswe, ndipo chiswe chikatha udzu chimayang'ana mitengo ya denga. Ena amati ungoyatsa moto, uphukanso bwino. Kuphuka umaphukadi, koma mvula yoyamba, imene imabwera ndi mphamvu, imapeza nthaka ili pambalambanda, ndipo moto pafupi ndi khitchini ya udzu ndi nkhokwe mu Okutobala si chinthu choseweretsa.

Kenaka ndimayang'ana zipala. Pamene pauma ndimagaulapo pang'ono, kuthirapo manyowa, n'kudikira mvula kuti ndibzalepo zidutswa zotengedwa m'mbali. Pali pena pamene panandigonjetsa. Njira yochokera pakhomo kupita kukhitchini ndinaibzala kawiri, kawiri konse mapazi anaipha. Kachitatu ndinangoyalapo miyala yafulati. Kumene anthu anazolowera kuyenda simungawaletse ndi udzu. Pamwamba pa kapinga yense ndimawazapo manyowa osefa, ochepa, okwana ngati kunenepa kwa chala, kuti nsonga za udzu zizioneka. Feteleza musamuonongere pamenepa, ameneyo ndi wa chimanga, ndiponso yuleya akagwera pa udzu nthaka ili youma amauwaula.

Ntchito imene sindiiphonya ndi ya malire. Aliyense wogwira khasu amadziwa kuti kapinga akalowa m'munda ndi mdani, ukamudula amangochulukana. Dzinja la 2023 ndinachedwa kubwera, ndipo anakwawa n'kulowa m'bedi la mpiru la amayi. Anasunga mau awo, anamulima, ndipo ine ndinalandira uthenga kudzera kwa mlongo wanga umene sindingauwerenge pa wailesi. Kuyambira pamenepo tinakumba kangalande kozama ngati khasu motsata mzere uja, ndipo mwezi uliwonse m'dzinja timadula chilichonse chofuna kuwoloka.

Mvula ikakhazikika, mphwanga amatchetcha masabata awiri alionse ndi chikwakwa chonola bwino. Ndinamuuza kuti udzu usapitirire zala zinayi, komanso asamete mpala. Ukadula kwambiri nthawi imodzi udzu umafooka ndipo dzuwa limafika panthaka, choncho ndi bwino kudula pang'ono koma kawirikawiri. Apa ndi pamene pali yankho la mantha a amayi. Mphiri imabisala muudzu wautali ndi m'zinyalala, ndipo udzudzu, ngakhale umaswana m'madzi oima, masana umapumula m'tchire. Kapinga wamfupi sabisa kanthu. Ngati mukudziwa kuti pakhomo panu palibe amene azitchetcha, ndi bwino kungoyala miyala pansi pa denga n'kusiya za udzu.

Kuchokera nthawi imeneyo mng'alu uja sunatsegukenso. Mvula ikagwa madzi amagwera pamiyala, amalowa mukapinga, ndipo otsala amapita kunthochi ali oyera. Kale ankachoka pabwalo ali ofiira. Nthochi zinabereka, ndipo mkoko woyamba amayi anatumiza kwa atsibweni. Adzukulu amasewera pakapinga osabwerako ndi fumbi mpaka m'tsitsi. Bwalo la pakati likadali losesa, loyera, ndipo mphale imayanikidwa pomwe inkayanikidwa kale.

Masiku apitawa mlongo wanga anandiimbira kuti mayi wina wa pamudzi pomwepo, amene ana ake amukhomera malata chaka chino, anabwera kudzapempha kapinga. Akuti amayi anamutengera kuseri kwa nyumba, namuonetsa miyala ndi kangalande, namuuza kuti, "Musayambe ndi udzu, yambani ndi madzi. Ndipo pakati pa bwalo musabzalepo, mudzasowa poyanika ufa." Kenaka anatumiza mau kwa ine akuti, "Umuuze abwere mvula isanagwe, kapinga wathuyu akufuna manyowa." Ndinamufunsa mlongo wanga kawiri ngati anatidi wathu. Iye akuti anatero.

Tsono abale anga, makamaka inu amene mwafolera ndi malata zaka zino, mawa m'mawa tazungulirani nyumba yanu. Taonani pansi pamene madzi a padenga amagwera. Ngati pali kamzere kokumbika, ngati mwala wa pakhomo watalika, ngati mizu ya mtengo ili pamtunda, dziwani kuti nthaka yanu ikupita, ndipo ikatha imeneyo madzi adzayamba chipupa. Masabata otsalawa ndi okwanira kutola miyala, kugaula ndi kututa manyowa. Koma musanagwire khasu, pitani kaye kwa mwini tsache, mukhale pansi, mumve zifukwa zake, ndipo mzere alembe yekha.

Ine Loweruka lino ndili kumudzi ndi ngolo ya manyowa. Tsalani bwino, tikumana pa wailesi Lolemba m'mamawa.